SAFUNSA ANADYA PHULA: ANA A SUKULU NDI PHUNZIRO LA DNA

Nkhani ya lero ndi ya anyamata ndi atsikana a m'sukulu za sekondale amene ali kukonzekera mayeso a phunziro la zamoyo, limene ku sukulu alicha Biology. Koma makolo nao achere khutu, pakuti ndiwo amene amagula makope ndi kudikira zotsatira za mayeso mtima uli m'mwamba. Ndiponso pakuti zonenedwa muno zikhudza matenda awiri amene alowa m'nyumba zambiri za m'dziko lino la Zambia.

M'phunziro limeneli muli malo amodzi pamene ana ambiri amapunthwa. Pamene mphunzitsi ali kunena za tsamba, za mtima wa mbuzi kapena za mamba a nsomba, mwana amatsata bwino, cifukwa zinthuzo anazionapo ndi maso, mwinanso anazigwira ndi manja. Koma tsiku lina mphunzitsi alemba pa bolodi mau akuti DNA, RNA ndi transcription, ndipo kuyambira pamenepo palibenso cooneka. Mwana akopera zonse m'kope lace, naziloweza usiku mpaka maso kufiira. Tsiku la mayeso ampatsa mzere wa zilembo 9, namuuza kuti alembe RNA yocokera pa mzerewo; pompo apeza kuti zonse analoweza zija sizimthandiza kanthu. M'kalasi anakhala cete, poopa kuti anzace amseka akafunsa. Akulu akale anati safunsa anadya phula. Ndipo mwana woloweza mau amene sanawamvetse wasiya uci, natafuna phula lokha.

Cifukwa cace nkhani ino iyamba ndi kufotokoza phunzirolo m'Cinyanja, kuti cioneke kuti siliri lobvuta monga limvekera. Ndipo pambuyo pace inena kumene mwana angapeze thandizo, ndi mafunsidwe ace.

BUKU LOSATULUKA M'NYUMBA

Thupi la munthu, monganso la nkhuku ndi phesi la cimanga, linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo, tosaoneka popanda maikulosikopu. M'kati mwa selo muli kacipinda kena kochedwa nyukiliyasi, ndipo m'menemo ndimo mukhala DNA. DNA ndi cingwe coonda kopambana ulusi wa kangaude, ca nkhosi ziwiri zopotana monga apotera luzi. Cingwe ca m'selo limodzi la munthu citati ciongoledwe cingafike pafupifupi mamita 2; koma cinakulungidwa m'mitolo 46 yochedwa makromozomu, 23 yocokera kwa amai ndi 23 yocokera kwa atate.

Pa nkhosi iri yonse pali timankhwala ta mitundu inai tondandalikidwa ngati mikanda, timene ophunzira atilemba ndi zilembo A, T, G ndi C. Maina ace athunthu ndiwo adenine, thymine, guanine ndi cytosine. Lamulo lace ndi ili: A wa pa nkhosi imodzi agwirana ndi T wa pa nkhosi inzace, ndipo G agwirana ndi C. Motero wodziwa zilembo za nkhosi imodzi wadziwiratu za inzace. Mapangidwe awa anawafotokoza James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge m'caka ca 1953, atathandizidwa ndi zithunzi za X-ray zocokera ku nchito ya Rosalind Franklin ndi Maurice Wilkins ku London.

Zilembo zinaizi, pondandalikana mosiyanasiyana, zisunga malangizo, monga momwe zilembo zocepa za alifabeti zilembera mabuku osawerengeka. Cigawo ca cingwe cosunga langizo limodzi cichedwa jini, akaculuka majini. Ndipo womvera asasokoneze liu ili ndi majini a mizimu amene anthu amachula kumudzi, pakuti palibe cibale pakati pao. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 onena za kapangidwe ka mapuloteni. Tsono mapuloteni ndiwo anchito a thupi. Himogulobini yonyamula mpweya wa okosijeni m'magazi ndi puloteni. Insulini yotsitsa shuga wa m'magazi ndi puloteni. Cimene ciri m'malobvu, coyamba kusandutsa nsima kukhala shuga munthu ali mkati motafuna, ndi puloteni. Tsitsi ndi zikhadabo nazo zinapangidwa ndi puloteni.

Apa ndipo pali funso limene liri muzu wa phunziro lonse. DNA ya m'makromozomu ikhala m'nyukiliyasi, ndipo situlukamo. Koma mapuloteni apangidwa kunja kwa nyukiliyasi, pa timisiri tochedwa maribosomu. Nanga mau a m'kati afika bwanji kwa amisiri ali kunja? Mwana amene wamva funso ili wamva theka la phunziro, pakuti transcription ndiyo yankho lace.

Womvera ayerekeze mfumu imene isunga m'nyumba yace buku lalikulu, lolembedwamo miyeso ya zinthu zonse za m'mudzi: ya citseko, ya nkhokwe, ya goli la ng'ombe. Mmisiri wa matabwa wokhala kumapeto kwa mudzi afuna miyeso ya citseko. Mfumu singampatse bukulo, pakuti likanyowa ndi mvula kapena kudyedwa ndi ciswe, mudzi wonse wasowa mtengo wogwira. Cimene icita ndi kuitana kalaliki. Kalalikiyo atsegula tsamba limodzi lokha lonena za citseko, akopera miyesoyo pa kapepala, natseka buku. Mthenga atenga kapepalako napita nako kwa mmisiri; mmisiri awerenga, napala citseko; ndipo nchito itatha kapepala kataidwa, koma buku likali pamalo pace losadetsedwa.

Buku ndilo DNA. Tsamba ndilo jini. Kalaliki ndiye puloteni yochedwa RNA polymerase. Kapepala ka m'manja mwa mthenga ndiko RNA ya uthenga, imene mabuku ailemba mRNA, pakuti m wa patsogoloyo aimira liu la Cingerezi lotanthauza mthenga. Mmisiri ndiye ribosomu, ndipo citseko ndico puloteni. Nchito ya kalaliki ndiyo transcription, ndiko kunena kukopera; nchito ya mmisiri ndiyo translation, ndiko kunena kumasulira. Maina awiriwa sanaikidwe mwangozi. Kalaliki acotsa zilembo pa tsamba naziika pa pepala lina m'cinenero comweco. Koma mmisiri awerenga zilembo natulutsa cinthu ca mtundu wina.

Mthenga ameneyu anabvuta kumpeza, cifukwa sakhalitsa. M'mabakiteriya aonongeka patapita mphindi zowerengeka cabe. François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris analingalira kuti ayenera kukhalapo ndithu, ndipo m'caka ca 1961 umboni wace unafalitsidwa ndi Jacob pamodzi ndi Sydney Brenner ndi Matthew Meselson. Za Brenner zimvekanso kumapeto kwa nkhani ino.

NCHITO YA KALALIKI

Nchitoyi iri m'zigawo zitatu. Coyamba ndi kupeza tsamba. Patsogolo pa jini pali mzere wa zilembo wochedwa promoter, umene uli ngati mutu wolembedwa pamwamba pa tsamba. Pamenepo ndipo akhala kalaliki, mothandizidwa ndi mapuloteni ena omlondolera, nalekanitsa nkhosi ziwiri zija pa kamalo kakang'ono, monga munthu apotolola cingwe capakati osacimasula conse.

Caciwiri ndi kukopera. Kalaliki awerenga nkhosi imodzi yokha, imene mabuku aicha template strand, ndiko kuti nkhosi ya cikombole. Ayenda pa nkhosiyo cilembo ndi cilembo, ndipo pa cilembo ciri conse aika cinzace coyenerana naco, nazilumikiza. Lamulo lija ligwirabe nchito, koma pali kusiyana kumodzi: RNA iribe T, ndipo m'malo mwace iri ndi U, ndiye uracil. Motero kalaliki akapeza G aika C. Akapeza C aika G. Akapeza T aika A. Koma akapeza A aika U. Pamene iye ali kupita patsogolo, nkhosi za DNA zibwererana kumbuyo kwace, ndipo RNA yatsopano ilendewera pambali, iri ya nkhosi imodzi yokha. Shuga womangira msana wace nayenso asiyana: wa mu RNA ndiye ribose, wa mu DNA ndiye deoxyribose, ndipo m'menemo ndimo mucokera R ndi D wa m'maina ao. Kalaliki sayenda cobwerera. Mabuku aika manambala 5 ndi 3 ku nsonga ziwiri za nkhosi, ndipo RNA ikula kucokera ku nsonga ya 5 kunka ku nsonga ya 3 nthawi zonse.

Cacitatu ndi kumaliza. Atadutsa cizindikiro ca mapeto a tsamba, kalaliki aleka. RNA imasuka, ndipo DNA itsekeka monga inaliri poyamba.

M'maselo a anthu, a nyama ndi a zomera, kapepalako sikatuluka pompo, koma kayamba kakonzedwa. Ku nsonga yoyamba kuikidwa cisoti cokachinjiriza, ku nsonga yomaliza kuikidwa mcira wa zilembo A zambiri, ndipo zigawo zina za pakati zosafunika kwa mmisiri, zochedwa ma-intron, zidulidwa, zotsalazo nizilumikizidwa. Za zigawo zodulidwazi anazitulukira Richard Roberts ndi Phillip Sharp m'caka ca 1977, yense ndi anzace a nchito. Zitatha izi, mthenga atulukira pa tiziboo ta nyukiliyasi. Mabakiteriya alibe nyukiliyasi. Kwa iwo mmisiri ayamba kuwerenga kalaliki asanathe kulemba.

Mmisiriyo awerenga zilembo zitatuzitatu, ndipo zitatu zotere zichedwa codon. Ndi zilembo zinai pangapangidwe ma-codon 64, ndipo ambiri a iwo aitana imodzi mwa njerwa 20 zomangira mapuloteni, zochedwa ma-amino asidi. AUG ndiye auza mmisiri kuti ayambe. UAA, UAG ndi UGA amuuza kuti aleke. Codon yoyamba kudziwika tanthauzo lace inali UUU, imene Marshall Nirenberg ndi Heinrich Matthaei anaonetsa mu 1961 kuti iitana njerwa yochedwa phenylalanine.

CILEMBO CIMODZI COKHA

Womvera amene ali ndi pensulo pafupi alembe zilembo ziri kudzazi. Sizopeka iai, zicokera m'jini la mbali imodzi ya himogulobini, yochedwa beta-globin, limene liri pa kromozomu ya nambala 11.

Nkhosi ya cikombole: GGA CTC CTC
RNA ya uthenga: CCU GAG GAG
Nkhosi inzace ya DNA: CCT GAG GAG

Woyang'anitsitsa aona kuti mzere waciwiri ufanana ndi wacitatu, kupatula kuti pamene pali T pakhala U. Nkhosi yacitatuyo mabuku aicha coding strand. Cifukwa cace mwana asanalembe kanthu pa mayeso ayambe waona kuti ampatsa nkhosi iti. Ikakhala ya cikombole, aika zilembo zogwirana nayo. Ikakhala inzace ija, angokopera, nasintha T kukhala U.

Mmisiri akalandira uthengawu aika njerwa zitatu: CCU aitana proline, ndipo GAG aitana glutamic acid kawiri. Njerwazi zikhala pa malo a nambala 5, 6 ndi 7 mu mzere wa njerwa 146.

Tsono alipo anthu amene m'buku lao cilembo cimodzi cinasintha, kotero kuti pa nkhosi ya cikombole pali GGA CAC CTC. Kalaliki ndi wokhulupirika. Sakonza buku, akopera cimene wacipeza. Alemba CCU GUG GAG, ndipo mmisiri pa malo a nambala 6 aika valine m'malo mwa glutamic acid. Himogulobini yotere ikatula mpweya wace imatirirana nipanga timitengo towuma, ndipo selo lofiira, limene liyenera kukhala lobulungira ndi lofewa, lipindika ngati cikwakwa. Maselo opindikawa atseka timitsempha tating'ono, nafa msanga: selo labwino likhala masiku ngati 120, koma lopindika masiku 10 kufikira 20. Amenewa ndiwo matenda a sickle cell, amene abweretsa kuwawa koopsa m'mafupa, kutupa kwa manja ndi mapazi a makanda, kucepa kwa magazi ndi cikasu m'maso. Vernon Ingram ndiye anaonetsa ku Cambridge, m'zaka za 1956 ndi 1957, kuti kusiyana konse kuli pa njerwa imodzi yokha.

Mwana adwala matendawa akalandira tsamba losinthikalo mbali zonse ziwiri, kwa amai ndi kwa atate. Kholo limene liri ndi tsamba limodzi lotere ndi lina labwino, kawirikawiri likhala lolimba osadziwa kanthu. Koma awiri otere akakwatirana, pa mimba iri yonse pali mwai umodzi mwa inai kuti mwana abadwe ndi matendawa. Motero si ufiti, ndipo si mlandu wa mkazi yekha, monga mabanja ena amanenera akataya ana. Kupimitsa magazi ku cipatala kuonetsa amene ali nalo tsambalo. Ndipo cifukwa cimene licurukira m'maiko otentha cinaonetsedwa ndi Anthony Allison mu 1954, atafufuza kum'mawa kwa Africa: munthu wokhala ndi tsamba limodzi lokha lotere achinjirizidwako ku malungo aakulu.

Pali cinthu cina cimene amai a ana odwala matendawa acidziwa bwino, ndico cakuti khanda limaoneka labwinobwino miyezi yoyamba, ndipo zizindikiro ziyamba kawirikawiri likafika miyezi 5 kapena 6. Tanthauzo lace liri mu transcription. Mwana akali m'mimba, kalaliki akopera tsamba lina, la gamma-globin, lopanga himogulobini ya ukhanda imene sipinda maselo. Mwana atabadwa, tsamba limenelo litsekedwa pang'onopang'ono, ndipo la beta-globin litsegulidwa kwathunthu. Buku silinasinthe, casintha ndi tsamba limene kalaliki ali kukopera. Ndiye cifukwa cace madokotala afuna njira zotsegulanso tsamba la ukhanda lija. Mankhwala ochedwa hydroxyurea acurukitsa himogulobini ya ukhanda, nacepetsa kuwawa. M'caka ca 2023 maiko a Britain ndi America analola cithandizo catsopano cokonza maselo a m'mafuta a m'mafupa kuti tsambalo litsegukenso. Koma mtengo wace ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, ndalama imene banja la kumudzi silingailote.

Matenda aciwiri ndi cifuwa cacikulu, cimene anthu acicha TB. Amene anamwapo mankhwala ace, kapena kudwazika mbale wao, akumbuka kuti mkodzo umafiira. Amene aufiiritsa ndi mankhwala ochedwa rifampicin, ndipo nchito yace yeniyeni ndi kugwira dzanja la kalaliki wa kacirombo ka TB kuti asalembe. Kacirombo kosowa uthenga sikangapange mapuloteni, ndipo kafa. Kalaliki wa munthu anapangika mosiyana, motero mankhwalawo samgwira. Koma pakati pa tizirombo tambirimbiri pamapezeka tina timene jini la kalaliki wao linasintha, kotero kuti rifampicin asowa pogwira. Ndipo wodwala akamamwa mankhwala modumphadumpha, tizirombo totere ndito titsala ndi kuswana. Ndico cifukwa anamwino aumirira kuti mankhwala amwedwe tsiku ndi tsiku kufikira nthawi yoikika itakwana, ngakhale munthu adzimva kuti wacira.

ZOPUNTHWITSA ZINAI

Zolakwa za ana pa phunziro ili zimabwerezeka. Coyamba ndi kusokoneza transcription ndi replication. Replication ndiko kukopera buku lonse, nkhosi zonse ziwiri, pamene selo lifuna kugawika kuti akhale awiri, ndipo cotuluka ndi DNA. Transcription ndiko kukopera tsamba limodzi, ndipo cotuluka ndi RNA. Caciwiri ndi kulemba T mu RNA. Cacitatu ndi kuiwala malo: kalaliki agwira nchito m'nyukiliyasi, mmisiri kunja kwace. Cacinai ndi kuganiza kuti maselo onse a thupi ali ndi buku. Maselo ofiira a munthu akakhwima ataya nyukiliyasi yao. Uthenga wa himogulobini unakoperedwa kale akali ang'ono m'mafuta a m'mafupa. Mwana wokumbuka mfumu, kalaliki ndi mmisiri angathe kudzitulutsa yekha m'zopunthwitsa zitatu zoyambazo, ngakhale ataiwala mau a m'kope.

KUMENE THANDIZO LIPEZEKA

Thandizo loyamba ndi mphunzitsi; koma mafunsidwe ali ndi kanthu. Mwana akati, "Aphunzitsi, sindinamve ciri conse," mphunzitsi asowa poyambira, nangobwereza zomwe ananena kale. Koma akadza ndi kope lace nati, "Pepani aphunzitsi, ndayesa funso ili, pa A ndinaika T, koma buku liti U, kodi ndalakwa pati?" mphunzitsi aona pompo pamene pali minga, naizula m'mphindi ziwiri. Wamanyazi m'kalasi atenge mnzace, apite awiri nthawi yopuma. Mphunzitsi ndiyenso adziwa kuya kumene mayeso afika, kuti mwana asataye masiku pa zinthu za ku yunivesite asanagwire zoyamba.

Thandizo laciwiri ndi anzace, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ana atatu kapena anai akhale pa mphasa, natenge njere za cimanga zikhale A, nyemba zikhale T, nshawa zikhale G, nthanga za maungu zikhale C, ndi timiyala tikhale U. Mmodzi ayale mizere iwiri ya DNA. Wina akhale kalaliki, alekanitse mizereyo nayale RNA. Wacitatu akhale mmisiri, awerenge zitatuzitatu ndi kuyang'ana m'buku njerwa imene iitanidwa. Atatha asinthane nchito. Dzanja limene linatola nyemba pa mzere wa RNA, anzace nalikuwiza, siliiwalanso tsiku la mayeso.

Ndipo DNA ingaoneke ndi maso. Nthoci yakupsa ikanyenyedwa m'madzi pang'ono pamodzi ndi kamcere ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, nisefedwa pa nsaru, ndipo pamwamba pace pakathiridwa pang'onopang'ono sipiriti wozizira, pamabuka timaulusi toyera tonanda. M'menemo ndimo muli DNA ya nthoci. Izi zicitike pali mphunzitsi kapena munthu wamkulu, kutali ndi moto, pakuti sipiriti ayaka msanga ndipo ndi poizoni akamwedwa. M'sukulu zimene muli kalabu ya JETS, ndiwo malo abwino oyesera zotere.

Thandizo lacitatu liri pakhomo, ndipo ambiri salidziwa. Mwana ayese kufotokoza phunzirolo m'cinenero ca kwao, kwa munthu amene sanapite ku sekondale. Womvera ayerekeze mtsikana ali kusenda nshawa ndi ambuya ace, nati, "Ambuya, m'thupi lanu muli buku, ndipo m'kacipinda ka m'diso ndi ka pa khungu bukulo ndi limodzimodzi." Ambuya nayankha, "Nanga mdzukulu wanga, ngati buku ndi limodzi, bwanji tsitsi silimera m'diso?" Limenelo ndi funso la munthu wanzeru. Mtsikanayo akatha kuyankha kuti, "Cifukwa, ambuya, m'diso kalaliki satsegula tsamba la tsitsi," ndiye kuti wamvetsa. Akakakamira, wadziwa pamene pali dzenje, ndipo mawa ali nalo funso lenileni lopita nalo kwa mphunzitsi. Mayeso alembedwa m'Cingerezi, motero maina a Cingerezi ayenera kudziwika ndi kulembedwa bwino. Koma dzina likhazikika msanga pa cinthu cimene mtima unacimva kale.

Thandizo lacinai ndi mapepala a mayeso a zaka zapita a bungwe la Examinations Council of Zambia, mabuku a m'laibulale, ndi foni kwa amene ali nayo. Pa intaneti pali zithunzi zoyenda zoonetsa kalaliki ali pa nchito, ndiponso mapulogalamu a kompyuta oyankha mafunso. Zimenezi ndi zothandiza, koma ziri ndi msampha wace. Wokopera yankho la pa foni osayamba wayesa yekha wabwerera ku phula lomwe lija, pakuti m'cipinda ca mayeso foni silowa. Njira yabwino ndi kuyesa funso poyamba ndi pensulo, pambuyo pace kufananitsa, ndipo pamene foni itsutsana ndi buku la sukulu, kukafunsa mphunzitsi, cifukwa makina nao amalakwa.

MAU KWA MAKOLO

Kholo lisati, "Ine sindinaphunzire, ndingathandize ciani?" Sydney Brenner uja, mmodzi wa opeza mthenga wa RNA, anabadwira ku Germiston pafupi ndi Johannesburg m'caka ca 1927. Atate ace anali osoka nsapato, osadziwa kuwerenga kapena kulemba. Ndipo mnyamatayo anakulira m'laibulale ya m'tauni yao, nadzalandira mphoto ya Nobel mu 2002. Cimene kholo lingapatse mwana ndi nthawi, kuunika ndi khutu. Mtsikana amene atunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale kufikira usiku, pamene mlongo wace ali kuwerenga, sangapikisane naye pa mayeso. Nchito za pakhomo zigawidwe mofanana. Mwana akayala nyemba ndi cimanga pa mphasa asakalipiridwe kuti ali kusewera ndi cakudya. Ndipo akadza nati afotokoze zimene waphunzira, kholo likhale pansi, limvere, lifunse mafunso.

Dziko lino lisowa anamwino, madokotala, opima magazi ndi alangizi a zaulimi, ndipo onsewo njira yao ipyola pa phunziro limeneli. Ngakhale mwana amene sadzafika ku nchito zotere, akamvetsa za buku, kalaliki ndi mthenga, adzatha kuuza banja lace cifukwa cimene khanda latupira manja, ndi cifukwa cimene amalume ace sayenera kuleka mankhwala a cifuwa pakati pa njira. Amene phunziroli likali kumbvuta asagone nalo bvutolo. Mawa m'mawa atenge kope lace, alembe funso limodzi, napite nalo kwa mphunzitsi.

Nkhani ya lero yathera pomwepa.